Msana Ulibe Sipeya: Malangizo kwa Okoka Ngolo M'mapiri a Thyolo

Ana anga, inu amene mwayamba kudya za thukuta lanu pokoka ngolo ndi kukankha wilibala, khalani pansi tiuzane. Ndimakuonani m'mamawa mukutuluka m'tinjira ta kumidzi kulowera ku msika wa Bvumbwe, wina ndi matumba a kabichi, wina mikoko ya nthochi, wina njerwa za ganyu, mitsempha ya m'khosi itachita kutuluka. Mukafika pamwamba pa chitunda mumayang'anana n'kuseka, aliyense kufuna kuti anzake amutche chiphona. Mphamvuzo muli nazodi, sindikutsutsa. Koma zambiri sizikufika n'komwe pa katunduyo. Zikuthera m'tayala lophwa, m'beringi youma ndi m'kapakiridwe kolakwika. Mwini katundu amalipira zimene zafika, thukuta lotayika panjira alibe nalo ntchito. Ngolo ikalemera, yambani mwafufuza ngoloyo musanalimbitse mano.

Dera lathuli ndi losiyana ndi kwina. Tiyi wakhala kuno zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo mayina a maesiteti a Conforzi, Naming'omba ndi Makandi tinabadwa tikuwamva. Malo aakulu ali pansi pa tiyi, makadamiya ndi bulugamu, pamene midzi yambiri inatsalira m'malo otsetsereka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino. Busa la ng'ombe lipezeka kuti pamenepa? N'chifukwa chake ngolo ya ng'ombe imene ili ponseponse ku Mchinji ndi ku Lilongwe, kuno njosowa. Esiteti ili ndi thirakitala yotengera masamba ku fakitale. Koma mlimi wamng'ono wa tiyi, kuyambira pamene boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority mu 1967, masamba ake amayenera kuwafikitsa yekha pa sikelo, ndipo feteleza amayenera kumukweza yekha kumunda. Kuno ng'ombe ndi iwe mwini.

Vuto lokoka katundu pamanja si lathu lokha. Ku Canada, ku Finland ndi ku Minnesota m'dziko la America, nyanja zimaundana nthawi yozizira mpaka anthu kumayenda pamwamba pake. Asodzi amaboola madzi oundanawo n'kuponya mbedza m'dzenjemo, ndipo zipangizo zawo amazikoka m'chibeseni chachitali cha pulasitiki. Chipale chofewa chikachuluka, chibesenicho chimatitimira n'kumaunjika chipale kutsogolo kwake. Iwo akaona choncho amachikweza pa timatabwa tiwiri totalika ndi tosalala, kupaka phula kunsi kwake, kutalikitsa chingwe n'kuchimanga pa lamba wa m'thupi. Palibe amene amati ndidye kwambiri kuti mawa ndikakoke bwino, onse amakonza chokokedwacho. Kwathu kuno katondo salola chinthu kuterereka, ndipo chokwekweretsa pansi chimangokumba kangalande kamene mvula imakasandutsa chigwembe. Choncho ife chotipulumutsa ndi wilo, koma nzeru yake ndi yomweyo.

Tiwerengere limodzi. Matumba anayi a feteleza ndi makilogalamu 200. Tiyerekeze kuti ngolo payokha ndi makilogalamu 40, zonse pamodzi 240. Pa tara wosakwera, matayala atapopedwa bwino, mphamvu yoyendetsera zonsezi siipitirira yonyamulira makilogalamu 5. Koma msewu ukamakwera mita imodzi pa mamita 10 aliwonse, chitundacho chimawonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse, ndiwo makilogalamu 24, kuposa chigubu chodzaza cha malita 20, ndipo sichikusiyani kufikira pamwamba. Chitunda simungachichotse. Chimene mungachotse ndi zowonjezera zimene mwaziitana nokha. Ngolo yopangidwa ndi zitsulo zokhuthala mopyola muyeso mumaikweza phiri ulendo uliwonse popanda wokulipirani. Mukapita kwa owotcherera ku Luchenza kapena pa boma, musagome ndi penti, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Inyamuleni mbali imodzi, muimve kulemera isananyamule kanthu.

Wilo likhale lalikulu. Mwala umene umaimitsa kawilo kakang'ono ka wilibala, wilo lalikulu limangoukwera osamva. Wilo lachitsulo chokhachokha limalimba, koma m'matope limadula nthaka n'kutitimira, ndipo pa miyala limakugwedezani mpaka m'mano. Mawilo a njinga yakapalasa ndi opepuka ndipo amathamanga, koma anapangidwira katundu wotsika molunjika. Ngolo ikapendekeka m'mbali mwa phiri, masipoko amathyoka ndipo limu imapindika. Masiku ano njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndiye mawilo ake akale sasowa kwa okonza. Amenewo ndiwo abwino pa ngolo ya matayala awiri: ngolimba, ngotambalala ndipo ali kale ndi maberingi. Pa msewu wouma popani tayala lilimbe. M'matope ofewa phwetsani pang'ono kuti liponde malo aakulu, koma mukabwerera pa tara, pampu igwirenso ntchito.

Muuzeni wowotcherera asiye mpata wa zala zitatu pakati pa tayala ndi thupi la ngolo. Katondo wathuyu akanyowa amamatirira, ndipo amakula pa tayala mpaka kutseka mpata wonse. Mukatero mumakhala mukukoka ngolo yomanga buleki osadziwa. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene tiyi amachuluka ndi mvula yomwe, komanso masiku a chiperoni m'miyezi yozizira, yendani ndi kachitsulo kopalira matope. Kuima kanthawi n'kupala kumaposa kulimbana nawo mtunda wonse.

Beringi imalankhula, koma achinyamata simuimvera. Kwezani ngolo pa chipika, zunguzani wilo ndi dzanja limodzi, ndipo tcherani khutu. Wilo labwino limazungulira mwakachetechete n'kuima pang'onopang'ono. Likamalira kwekwekwe kapena kuima msanga, mchenga walowa. Mukafika kumene mukupita, gwirani pakati pa wilo ndi chikhatho. Pakatentha, dziwani kuti kutenthako ndi nsima imene munadya m'mawa. Masulani, tsukani ndi parafini, umitsani, pakani girisi watsopano. Oilo wakuda wochokera mu injini amaoneka ngati wathandiza tsiku loyamba, koma amayenderera n'kutuluka, otsalawo n'kumagwira fumbi limene limadya chitsulo. Mukawoloka mtsinje madzi n'kufika pa ekiselo, musadikire kuti beringi ilire.

Palinso wakuba wina wosaoneka: mawilo osayang'ana kumodzi. Tengani chingwe, yezani mpata wa pakati pa matayala awiri kutsogolo kwake, kenaka kumbuyo kwake. Miyezo iwiriyi ifanane. Ikasiyana, matayala amakhala akukanganirana njira, ndipo mkanganowo mumaulipira ndinu. Yang'ananinso mapazi a ngolo pa dothi lonyowa. Zidindo za tayala zikamaoneka bwinobwino, zinthu zili m'malo. Zikamaoneka zofufutika ngati zakhululidwa, ekiselo yapindika.

Tsopano kapakiridwe, pamene ambiri amalakwira. Katundu ayenera kukhala pa wilo, osati pa mikono yanu. Pa wilibala, thumba likakhala pakatikati pa wilo ndi zogwirira, theka la kulemera kwake lili m'manja mwanu. Mukalisendeza kutsogolo mpaka theka la mtunda wotsalawo, m'manja mumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Thumba ndi lomwelo, mwangolisuntha. Pa ngolo ya matayala awiri, zolemera zikhale pansi ndi pamwamba penipeni pa ekiselo, zopepuka pamwamba. Mukamaliza kupakira, kwezani zogwirira. Zizikupanikizani pang'ono chabe, moti n'kuzigwira ndi zala. Zikamafuna kuuluka, katundu wapita kumbuyo, ndipo pa chitunda ngoloyo idzakunyamulani m'mwamba. Mangani zonse ndi malamba a chubu, chifukwa katundu wosuntha panjira amasokoneza zonse zimene munalinganiza.

Masamba a tiyi ali ndi mwambo wawo. Sali ngati chimanga choti n'kupondereza kuti chilowe chambiri. Mukawatsendera m'thumba, kapena kukhazika thumba lina pamwamba pa linzake kwa nthawi yaitali, amatentha m'kati n'kuyamba kufiira, ndipo kalaliki wa pa sikelo akalowetsa dzanja n'kumva kufunda, akhoza kuwakana. Mayi amene anayamba kutchola mame asanaume amakhala wagwira ntchito pachabe chifukwa cha ulesi wa wonyamula. Ngolo ya tiyi ikhale yotambalala, ya m'mbali mwa waya kapena nsungwi kuti mpweya uzidutsa. Nthochi nazo ziyalireni masamba ake pansi, chifukwa yovulala panjira imada isanafike pa msika.

Manja ntchito yake ndi kuwongolera, kukoka ndi ntchito ya miyendo. Pezani lamba wotambalala ngati chikhatho, kaya wa pampando wa galimoto yakufa kaya chiguduli cholimba chopinda kangapo, adutse paphewa ndi pachifuwa. Chingwe chopyapyala chimacheka mnofu. Mangani nsonga za lambayo mbali ziwiri za ngolo kuti isamapotoke. Akafupika, ngolo imakumenyani zidendene. Akatalika moyenera, mumatha kuwerama pang'ono, msana uli wowongoka, thupi lanu lomwe n'kumathandiza kukoka. Zogwirira zikhale pa msinkhu wa chiuno. Ndipo wilibala ikakanirira pa muzu kapena m'dzenje, musaikankhe mwaukali, chifukwa kukankha kumakhomerera wilo pansi. Tembenukani, muikoke chambuyo, idzatuluka yokha.

Njira yachidule si yofulumira nthawi zonse. Onani mmene misewu ya m'minda ya tiyi imayendera: yambiri imazungulira phiri chopingasa, siilunjika pamwamba. Pa chitunda chachikulu, ngati msewu ndi wotakata ndipo mulibe magalimoto, kwerani mokhotakhota. Mtunda umatalika koma kukwera kumachepa. Pa msewu wa tara wa ku Limbe musayese n'komwe, maminibasi sadikira munthu. Kumbukiraninso kuti misewu ya mu esiteti ili ndi eni ake. Pemphani kwa alonda kapena a kapitawo, ndipo thabwa la ngolo mugule, musakadule bulugamu wa eni usiku.

Mawu awa muwasunge kuposa onse. Ngolo imene mwaipeputsa pokwera ndi yomweyo imene idzafune kukupondani potsika. Makilogalamu 24 aja amene amakukokerani kumbuyo pa chitunda, pa mtsetse amakhala akukukankhani, pansi pali poterera. Aliyense amene wakhala nthawi m'dera lino anaonapo ngolo ikuthamanga yokha, mwini wake ali chagada m'ngalande. Musakonze mawilo musanakonze buleki. Khomerani chidutswa cha tayala lakale la galimoto kunsi kwa ngolo chakumbuyo, kuti mukakweza zogwirira chizikhula pansi. Mangirirani chipika pa kachingwe choti muzitsekera wilo mukafuna kupuma. Musanayambe kutsika, vulani lamba uja, munthu asamangidwe ku chinthu chimene chingamukoke. Pa mitsetse yoopsa ngati ya ku Thekerani, khalani awiri, wina kumbuyo ndi chingwe. Kuyenda awiri si mantha. Ndipo ana asukulu musawakweze pamwamba pa katundu kapena kuwaika kutsogolo kwa ngolo, ngakhale atalirira.

Zonsezi zimafuna ndalama pang'ono, ndikudziwa. Pa ganyu aliyense patulani kangachepe ka girisi, zigamba ndi chubu, musanaganize za mayunitsi a foni. Tsiku limodzi pa sabata, ngolo igone chagada muiyendere nati iliyonse. Pokambirana mtengo, musawerengere kutalika kwa ulendo kokha, werengerani zitunda ndi matope, chifukwa kilomita ya ku Masambanjati si yofanana ndi ya pa Luchenza. Ndipo adzabwera bwana wina wokoma pakamwa, adzati, "Achimwene, inu ndi amphamvu, wonjezerani kathumba kamodzi aka." Kameneko ndi kamene kamathyola ekiselo, ndipo ndi kamene kamayambitsa kupweteka kwa msana kumene mudzayambe kukumva bwino muli ndi zaka 40, ana akufuna fizi. Muyankheni mwaulemu kuti mubweranso ulendo wachiwiri, ndipo ulendowo uli ndi mtengo wake. Akakana, musiyeni akafune wina. Katundu ku Thyolo sadzatha, mawa kudzakhala winanso wofuna kunyamulidwa.