Kaphunzitsidwe ka Mawu a Chingerezi Onena za Matenda

Mphunzitsi akafika pa mutu wa matenda m'phunziro la Chingerezi, kawirikawiri amagawa bolodi pakati: uku mawu a Chingerezi, uko matanthauzo ake m'Chichewa. Ana amakopera, naloweza, ndipo mayeso amakhoza ndithu. Chovuta n'chakuti mawu a matenda sayenda awiriawiri chotero, pamene mwana yemweyo ndiye adzawerengera agogo ake malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala.

Tiyambe ndi liwu lakuti "fever". Ambirife timalimasulira kuti malungo, pakuti kumudzi aliyense wotentha thupi ndi kumva kuphwanya m'thupi amati wadwala malungo. Koma Chingerezi chimalekanitsa zinthu ziwiri. "Fever" ndiko kutentha kwa thupi kopitirira muyeso wake, umene uli pafupi ndi madigiri 37. Ichi n'chizindikiro chabe, ndipo chimadzanso ndi chibayo, chikuku, ngakhale chimfine. "Malaria" ndiyo nthenda yeniyeniyo, yoyamba ndi tizilombo ta Plasmodium timene amafalitsa udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles. Dzinali linachokera ku Chitaliyana ndipo litanthauza mpweya woipa, popeza kale anthu ankayesa kuti nthendayi imadza ndi mpweya wa m'madambo. Alphonse Laveran ndiye anaona tizilomboti m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880, ndipo Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India mu 1897. Mbiri imeneyi ana amaikonda, ndipo imawathandiza kusunga liwulo. Mu 2010 bungwe la WHO linalangiza kuti aliyense womuganizira malungo ayambe wayezedwa magazi asanapatsidwe mankhwala. Tsono mphunzitsi wonena kuti "fever" ndi "malaria" n'chimodzi akupasula zimene anzathu a chipatala akumanga.

Chachiwiri ndi kamangidwe ka chiganizo. Ife timati mutu ukundipweteka, ndiye kuti mutuwo ndiwo ukuchita kanthu. Mngerezi amati "I have a headache", ngati kuti ululu ndi katundu wonyamula. N'chifukwa chake mwana amalemba kuti "my head is paining me", kapenanso "my stomach has opened" pofuna kunena "diarrhoea". Tisamuseke, iye watsata bwino malamulo a chinenero chake, ndipo chimene akusowa ndi chiganizo chathunthu choti achimve ndi kuchibwereza. Adziwenso kuti "ache" imalumikizika ndi ziwalo zowerengeka, monga mutu, dzino, khutu, mimba ndi msana. Pakhosi amati "sore throat".

Palinso mawu a nkhope ziwiri. "I am cold" ndi kumva kuzizira, koma "I have a cold" ndi chimfine. Ku Britain, munthu akati "I feel sick" nthawi zambiri amanena za nseru, ndipo "he was sick" ikhoza kutanthauza kuti anasanza.

Aonjezi ndiwo timawathamangira, chonsecho namwino amadalira iwowo kuti adziwe kukula kwa nthenda. Jambulani makwerero pa bolodi, "never" pansi, kenaka "seldom", "sometimes", "often", ndi "always" pamwamba penipeni, ndipo mwana aliyense anene chiganizo choona cha moyo wake pa sitepe iliyonse. Msampha waukulu ndi "hardly". Mwana amene waphunzira kuti "-ly" imapanga muonjezi amaganiza kuti liwuli litanthauza mwamphamvu. Si choncho ayi. "The baby hardly eats" ndiye kuti khandalo likungolawa, mwina osadya n'komwe, ndipo lifunika kupita nalo ku chipatala. Chimodzimodzi "lately" si mochedwa, koma masiku apitawa.

Pomaliza phunziro, ikani ana awiriawiri, wina namwino, wina wodwala. Namwino afunse "What is wrong?", "Since when?" ndi "How often?", ndipo atatha kumva mayankho, afotokozere kalasi m'Chichewa zimene wodwalayo wanena. Apa mpamene muone ngati tanthauzo lafika. Mukapeza timabokosi ta mankhwala topanda kanthu m'kati, bwerani nato, ana awerenge okha malangizo ake. Musatuluke m'kalasi asanasiyanitse "three times a day", katatu pa tsiku, ndi "every three days", kamodzi pa masiku atatu alionse.