Phunziro: Kuyenda ndi Ana pa Sitima Yapamtunda

Amayi anzathu, sukulu zikatsekera ambiri a ife timafuna kukaonetsa ana kwa agogo awo. Sitima yapamtunda ndi yotsika mtengo, koma imachedwa, choncho tiyenera kukonzekera bwino.

Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo yochokera pa Nkaya kudzera ku Liwonde kukafika ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Tiwafotokozere ana zimenezi, ndipo powoloka mtsinje wa Shire tiwaonetse. Ulendo nawonso ndi sukulu.

Zoyenera kukumbukira:

1. Sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse. Tikafunsiretu kusiteshoni tsiku ndi nthawi yake.
2. Titenge kamba wakunyumba monga mbatata yophika, zitumbuwa ndi nthochi, komanso madzi owiritsa. Madzi osadziwika kochokera amatsegula ana m'mimba.
3. Tisaiwale kabuku kakuchipatala ka mwana aliyense ndi chitenje chofunda.
4. Mwana asatulutse mutu kapena mkono pawindo, asaime pakhomo kapena polumikizira mabogi.
5. Sitima ikaima, tisatume mwana kukagula zinthu pansi. Ikhoza kunyamuka n'kumusiya pamalo achilendo.
6. Tilembe dzina lathu ndi nambala ya foni pakapepala, tiike m'thumba la mwana.

Tikaona mwana wa mnzathu ali pangozi, timuchenjeze ngati wathu yemwe.

Zokambirana m'magulu: Kodi ana tingawapatse ntchito zanji pa ulendo? Nanga mwana atasowa pasiteshoni, choyamba tingachite chiyani?