Shuga wa pa mimba: mwana akabadwa, ndiye kuti watheratu?

Makalata atatu amene ndasankha lero onse achokera m'boma la Karonga, ndipo akukamba nkhani imodzi.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Kaporo. Iwo akuti: "Ndili ndi pakati pa mwana wachitatu, kusikelo anandipeza ndi shuga. Nditabereka anandiyezanso n'kunena kuti watsika. Papita zaka ziwiri, sindikumva kupweteka paliponse. Kodi ndingaiwaleko za matendawa?"

Mayi, musaiwale. Shuga wa nthawi ija anatsikadi, ndipo amene anakuyezani ananena zoona. Koma tamvani mmene zimachitikira. Mimba ikamakula, nsengwa imatulutsa mahomoni amene amachititsa kuti thupi lisamamvere bwino insulin, yomwe imachotsa shuga m'magazi kumulowetsa m'minofu. Ndiye kapamba amayenera kupanga insulin wochuluka kuposa kale. Kwa amayi ambiri kapamba amakwanitsa. Wanu analephera, n'chifukwa chake shuga anakwera. Nsengwa itatuluka ntchito inapepuka, koma kapamba wanu ndi yemwe uja. Zaka zikamapita, kapena thupi likanenepa, akhoza kulepheranso, ndipo ulendo umenewo shuga amakhalitsa.

Mu 2009 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonkhanitsa zofufuza za m'maiko osiyanasiyana, n'kupeza kuti mayi amene anadwalapo shuga wa pa mimba ali pachiopsezo choposa ka 7 chodzadwala shuga wokhalitsa poyerekeza ndi mnzake amene sanadwalepo. Ya BMJ mu 2020 inapeza pafupifupi ka 10. Si onse amadzadwala ayi, koma inu muli m'gulu lofunika kuyang'aniridwa.

Mwati simukumva kupweteka, ndipo apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, kuwonda, maso kuchita chidima, zonsezi zimabwera shuga atakhala kale m'thupi kwa nthawi. Bungwe lofufuza la MEIRU, lomwe lili ndi malo ake ku Chilumba kwanu komweko, linayeza anthu akuluakulu m'midzi ya Karonga ndi mumzinda wa Lilongwe kuyambira 2013 mpaka 2016. Mwa anthu 10 aliwonse amene anapezeka ndi shuga, pafupifupi 4 sankadziwa n'komwe.

Choncho kayezetseni chaka chilichonse. Mupite m'mawa musanadye kanthu, ngakhale tiyi. Makina akaonetsa 7.0 kapena kuposa, omwe ndi 126 pa makina owerenga mwa njira ina, mudzayezedwenso tsiku lina kuti atsimikize. Pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndi chenjezo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana timamutsatira bwino, mwezi ndi mwezi kusikelo, koma mayi wake sitimufunsanso kanthu. Inu amene mwangobereka kumene, popita ndi mwana kukatemera wa masabata 6, pemphani kuti nanunso akuyezeni, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala kuti munali ndi shuga wa pa mimba. Bukulo musalitaye.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wa kufupi ndi Hara. Akuti: "Akazi anga ndi ochepa thupi, amagwira ntchito m'dimba la mpunga. Shuga si wa anthu onenepa a m'tauni? Nanga akasiya mpunga ndi kondowole adzadya chiyani?"

Bambo, ndakondwa kuti mwalemba ndinu. Kunenepa kumawonjezera chiopsezo, koma kuno kwathu timaona odwala shuga ambiri amene ndi ochepa thupi. Kuchepa thupi kwa mayi a kunyumbawo kusawalepheretse kukayezetsa.

Za chakudya, sindikunena kuti asiye mpunga. Munthu wa ku Karonga angasiye bwanji chimene amalima? Vuto ndi kuchuluka kwake. Mpunga woyera, kondowole, nsima ya ufa woyera ndi nthochi zophika, zonsezi zimasanduka shuga m'magazi, ngakhale sizitsekemera m'kamwa. Achepetse mitanda, achulukitse ndiwo: chigwada, nkhwani, bonongwe, nyemba, usipa. Theka la mbale likhale masamba. Chimene ndingawaletse ndithu ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi tiyi wothira masupuni angapo a shuga. Ndipo kumunda sikupitidwa chaka chonse, choncho miyezi imene ntchito yachepa aziyenda ndawala mphindi 30, masiku 5 pa sabata. Ku America, pa kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, amayi amene anadwalapo shuga wa pa mimba, omwe shuga wawo anali atayambanso kukwera, anachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi theka m'zaka 3 posintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi. Mankhwala a metformin anathandizanso chimodzimodzi, koma amenewo alembe ndi a chipatala. Chinanso, bambo, mbale imeneyi muzidya nonse. Mayi sangamaphike miphika iwiri tsiku ndi tsiku.

Yotsiriza ndi ya mayi wa pa Karonga boma, amene akuyamwitsa. Apongozi awo akuti mkaka ungapatsire mwana shuga, komanso mayiwo akufuna kudzabereka wina.

Mayi, auzeni apongozi mwaulemu kuti shuga sadutsira m'bere. Yamwitsani mwakathithi miyezi 6 yoyamba, ndipo mupitirize mpaka zaka 2. Kuyamwitsa kumateteza mwana, ndipo kumachepetsako chiopsezo chanu chomwe. Za mimba ina, n'zotheka, koma shuga wa pa mimba amakonda kubwereranso. Kayezetseni musanasiye kulera, chifukwa shuga akakhala wokwera m'masabata oyambirira akhoza kuwononga mtima ndi msana wa mwana amene akuumbika. Mukangodziwa kuti mwaima, yambani sikelo miyezi itatu isanathe, ndipo tsiku loyamba lomwelo muwauze anamwino za mimba yapitayi, musadikire kuti akufunseni.