MIYALA YOSANJIKIZANA YA KU KARONGA

Munthu akayenda cha ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga amaona maphompho okhala ndi mizere yofiira ndi ina yotuwa, yosanjikizana ngati mphasa zoyala ina pamwamba pa inzake. Miyala imeneyi sinachokere ku thanthwe losungunuka la pansi pa dziko monga ya phiri la Mulanje ayi. Inayamba ili mchenga ndi matope wamba.

Zaka zopitirira 100 miliyoni zapitazo, nyanja ya Malawi isanakhalepo, mitsinje inali kusefukira m'deralo nisiya mchenga ndi matope, monga achitira madzi a dzinja m'madimba mwathu. Zatsopano zinali kugwera pa zakale, ndipo kulemera kwa zapamwamba kunapanikiza zapansi kufikira zinauma nizisanduka mwala. Tsono mzere wapansi ndiwo wakale, wapamwamba ndiwo wamng'ono. Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi mosavuta: thirani timiyala, mchenga ndi dothi m'botolo la madzi, khutchumulani, nimulisiye usiku wonse. M'mawa mudzapeza zitakhala m'mizere, timiyala pansi, dothi pamwamba.

Nyama ikafera m'matope otere nikwiririka msanga, mafupa ake amasanduka mwala pamodzi ndi matopewo. M'zaka za m'ma 1920 Dr. Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, anatola mafupa otere ku Mwakasyunguti. Anali a chinyama chachikulu cha khosi lalitali, chodya masamba, cha mtundu wa madayinoso, chimene mu 1993 chinatchedwa Malawisaurus dixeyi. Pamwamba pa miyalayi pagona ina yamng'ono kwambiri, ya Chiwondo, ndipo mmenemo mu 1991, ku Uraha, munapezeka chibwano cha munthu wakale cha zaka zopitirira 2 miliyoni. Anena kuti makolo athu anali kuthawa zinyama zimenezi alakwa ndithu. Mizereyo ionetsa kuti zinatha kalekale munthu asanaoneke.

Nkhani yagona apa: msinkhu wa fupa umadziwika ndi mzere umene lagonamo. Likazulidwa ndi kupita nalo kunyumba, umboniwo watayika, ndipo palibe angaubweze. Mukaona fupa lolemera ngati mwala litatulukira m'phompho mvula itakokolola, musalikumbe. Ikani chizindikiro pamalopo, uzani amfumu, ndipo uthenga ufike ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga.