Malowolo Sagula Ana

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chisemphere. Ndinakwatiwa zaka 12 zapitazo ndipo kwathu analandira ng'ombe ziwiri za malowolo. Fodya tinkalima limodzi. Kuthirira nazale ndine, kusoka ndine, kusankha masamba m'chigafa mpaka usiku ndine ndemwe. Chaka chino atagulitsa mabelo ku Chinkhoma, bambo a kunyumba anabwera ndi mkazi wina. Nditafunsa za ndalama anandimenya ndi mpini wa khasu mpaka mkono kuthyoka. Ndinakadandaula kupolisi, anamangidwa, koma pano anatuluka pa belo. Alamu anga akuti ndikathetse mlanduwo, apo ayi ana sindidzawaonanso poti anawalowola. Banjali ndatopa nalo, koma ana anga nditani nawo?

Mayi wosweka mtima, Chisemphere

Mayi anga,

Pepani ndi mkonowo. Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti alamu anuwo akugwiritsa ntchito ana ngati chingwe chokumangirani pakamwa. Amanga nkhani zitatu mtolo umodzi kuti muchite mantha. Tiyeni tiumasule.

Malowolo ndi ulemu wa pakati pa mabanja awiri, koma khoti silipereka mwana potengera ng'ombe. Malamulo aakulu a dziko lino komanso lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 amati chofunika ndi chimene chikomere mwanayo. Woweruza amafuna kudziwa amene amamusambitsa, kumuphikira phala, kumugoneka akadwala malungo, ndiponso ngati pakhomo pamene akakhalepo pali nkhanza. Mwana wosinkhukirapo amatha kufunsidwa maganizo ake. Sindingakulonjezeni chigamulo, ndipo bambo awo angathe kuloledwa kumawaona, pajatu ndi ana awonso. Koma anawo akakhala ndi inu, bamboyo ali ndi udindo wopereka chithandizo cha chakudya, zovala ndi sukulu, ndipo khoti limatha kumulamula.

Za kumenyedwako, mlandu umenewo ndi wa boma, inu ndinu mboni. Si katundu woti musinthanitse ndi ana anu omwe. Belo sikutanthauza kuti mlandu watha. Ndi chilolezo choti azidikira tsiku la kukhoti ali kunyumba. Ndikudziwa kuti amayi ambiri amapita okha kukapempha kuti mlandu uthe chifukwa choopa kunenedwa kuti anamangitsa bambo wa ana awo. Amene anatola mpini uja si inu. Mawu oopseza amene alamu anu akunenawo kawafotokozeni kunthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, ija amati Victim Support Unit, ndipo funsani za chikalata cha khoti choletsa mwamunayo kukuyandikirani kapena kukuopsezani, chimene lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola.

Banja lanu ndi lachikhalidwe, ndipo malamulo a dziko lino amalizindikira. Ankhoswe adziwitseni, koma kuthetsa banja mwalamulo ndi kugawa katundu n'kwa khoti la majisitireti. Apa musachite manyazi. Gawo 24 la malamulo aakulu limati banja likatha mkazi apatsidwe gawo loyenera la katundu amene munali naye limodzi. Fodyayo ngakhale ankagulitsidwa m'dzina la amuna anu, thukuta lanu la m'chigafa muja lifotokozeni pamaso pa woweruza. Lembani zonse zimene munagula m'zaka 12 zimenezi: malata, ngolo, ng'ombe, njinga, ndi chaka chimene munagula. Ngati ndalama ya loya mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, amathandiza anthu osowa.

Mawa lomwe tengani buku lanu la kuchipatala ndi kalata imene anakupatsani kupolisi, mukachite fotokope, ndipo ina mukasungitse kwa mayi anu kapena kwa nkhoswe ya kwanu. Tsiku la kukhoti musapite nokha.

Azakhali