Ndikufuna kuthawa koma ndilibe ndi tambala yomwe

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndili ndi ana atatu, ndipo ndimakhala m'nyumba ya lendi mumzinda wa Blantyre. Kwathu ndi ku Chiradzulu. Ndakhala pabanja zaka 12. Kumenyedwa sindinayambe lero, koma za mwezi watha zandifika pakhosi. Bambo a kunyumba anabwera usiku ataledzera n'kuyamba kufuna ndalama za geni yanga ya nsomba zouma. Nditakana, anatola chitsulo chimene timatsekera chitseko n'kundimenya nacho mpaka kundithyola mkono wamanja. Mpamba wanga wonse, K280,000, anapita nawo. Anthu oyandikana nafe ndiwo anandithamangitsira kuchipatala, ndipo kutacha apolisi anawagwira.

Pano atuluka pa belo. Akugona kwa achimwene awo, koma abwera kale kawiri usiku kudzagogoda pawindo, akuti ndikapanda kukatseketsa mlandu adzandimaliza. Ana sakugona. Wamkulu ali mu Sitandade 8 ndipo aphunzitsi ayamba kudandaula kuti akumasinza m'kalasi.

Ndikufuna kusamuka, koma kulikonse kumene ndafunsa eni nyumba akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi. Mkono uli m'chikhakha, kumsika sindingapite. Ankhoswe akuti banja ndi kupirira. Abale a bambowa akuti andipatsa K200,000 ndikakatseketsa mlandu. Mnzanga wina akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndilandire n'kuthawa nayo. Kodi boma kapena mabungwe alibe thandizo la ndalama kwa anthu ngati ine? Nanga ndalamayi ndilandire?

Ine wosowa mtengo wogwira,
Blantyre

Mayi,

Pepani kwambiri ndi zimene zakuonekerani. Ndiyamba ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi limene likukhudza moyo wanu: ndalama imeneyo musalandire.

Tawerengerani nokha. Munthu wakuberani K280,000, wakuthyolani mkono, wakuimitsirani geni, ndiye abale ake akuti akupatseni K200,000 kuti muiwale zonse. Ngakhale mpamba wanu wokha sakubweza. Iwowo akudziwa chimene akuopa. Kuvulaza munthu kwambiri ndi mlandu waukulu pansi pa gawo 238 la Penal Code, ndipo chilango chake chimatha kufika zaka 14 kundende. Lero bamboyo akugogoda pawindo n'kuthawa chifukwa mlandu ukumuopsa. Tsiku limene mudzatseketse, adzalowa pakhomo masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo sipadzakhalanso chomugwira. Dziwaninso kuti mlandu wotere mwini wake ndi boma, inu ndinu mboni. Mukalandira ndalama kenako khoti n'kupitiriza kuzenga, abale omwewo adzakusandutsani wakuba.

Za kugogoda usikuzo musazigonetse. Munthu akamatuluka pa belo amauzidwa zoti atsate, ndipo kawirikawiri chimodzi mwa izo ndi kusasokoneza mboni. Kukuopsezani kuti adzakumalizani ndi mlandu winanso paokha. Mawa lomweli pitani kwa wapolisi amene akufufuza nkhani yanu, kapena kwa amene akuimira boma pa mlanduwu kukhoti, mukanene masiku amene anabwera, nthawi yake ndi mawu amene ananena. Ngati oyandikana nanu anamva, mutengane nawo. Ngati anatumiza mauthenga pafoni, musafufute ngakhale umodzi. Khoti lili ndi mphamvu yomulanda belo n'kumubwezera m'chitokosi mpaka mlandu utatha, koma silingachite zimenezi ngati silinauzidwe.

Tsopano za ndalama. Sindikunamizani, mwana wanga: kuno kwathu kulibe ofesi imene munthu wovulazidwa ndi chigawenga kapena ndi mwamuna wake amakalembetsa n'kutuluka ndi ndalama ya lendi m'manja. Maiko ena ali nazo. Ku Britain boma lakhala likupereka chipukuta misozi kwa anthu ovulazidwa pa milandu ya chiwawa kuyambira mu 1964. Ifeyo thumba lotero tilibe, ndipo ndi chinthu chimene aphungu athu akanayenera kuchita nacho manyazi. Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi ya mabanja osaukitsitsa opanda munthu wogwira ntchito, ndipo kusankha kwake kumatenga nthawi. Si yothandiza munthu amene akufuna kusamuka Loweruka. Wina akakuimbirani foni kuti ndi wa bungwe lothandiza amayi, mutumize kaye kangachepe kolembetsera, dulani foniyo. Ameneyo ndi wakuba.

Koma ndalama ilipo pamalo amodzi pamene amayi ambiri sayang'anapo: m'thumba mwa amene anakuvulazaniyo. Mu 2006 dziko lino linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja, Prevention of Domestic Violence Act, ndipo linalembedwa poganizira anthu ngati inu. Mukapita kukhoti la majisitireti mukapemphe chimene amachitcha protection order. Dzina limeneli muliloweze, mukalitchule momwemo kwa kalaliki wa khoti, kuti asakutumizeni kwa ankhoswe ngati kuti mwabwera ndi nkhani ya kukangana pa ndiwo. Chikalata chimenechi chimaletsa bamboyo kukuyandikirani, kubwera pakhomo panu, kumsika kwanu, ngakhale kukuvutitsani pafoni. Pamene moyo uli pachiswe, khoti limatha kupereka chikalata chongoyembekezera mwachangu, mwiniwakeyo asanamvedwe n'komwe, n'kudzamuitana pambuyo. Akachiphwanya, apolisi amamumanga.

Pa pempho lomwelo munganenenso za ndalama. Lamuloli limalola khoti kulamula wochita nkhanza kuti alipire zimene mwaluza chifukwa cha nkhanzazo: za kuchipatala, ndalama zimene mukanapeza mukanakhala kuti mukugwira ntchito, ndi zosamukira n'kupeza pokhala pena. Apa m'pamene pamafunika kukhala mayi wa geni weniweni. Khalani pansi ndi mwana wanu wamkuluyo akulembereni, popeza mkono wamanja ndi umene uli m'chikhakha. Mpamba munali nawo wochuluka bwanji, ndipo ndani angachitire umboni, kaya amene mumapikula kwa iwo kaya anzanu a pabenchi? Pa sabata mumapindula zingati? Mwalipira zingati pa minibasi ndi kabaza popita kuchipatala? Mankhwala amene munagula nokha, malisiti ake alipo? Nyumba imene mwapezayo lendi yake ndi zingati, nanga galimoto yonyamula katundu? Majisitireti sangagamule pa mawu akuti "ndaluza zambiri". Amafuna nambala, ndipo nambala yokhala ndi pepala kumbuyo kwake imalemera kuposa misozi.

Lamulo lomweli lili ndi zikalata zina ziwiri. Occupation order imakupatsani inu ufulu wokhala m'nyumba, wankhanzayo n'kutuluka. Tenancy order ndi ya anthu a lendi ngati inu: khoti limaika nyumbayo m'manja mwanu ngakhale amene anagwirizana ndi eni nyumba anali bamboyo. Ndimazitchula chifukwa amayi ambiri amaganiza kuti womenyedwa ndiye ayenera kunyamula mtolo. Ayi, lamulo limati wochimwa ndiye atuluke.

Ngakhale zili choncho, inuyo ndikuti chokanipo kaye. Munthu amene wathyola kale fupa ndipo wanena ndi pakamwa pake kuti adzakumalizani si woti mumuyese ndi pepala lokha. Pepala silitseka windo usiku. Ndipo nthawi imene mkazi akuchoka ndiyo imene mwamuna wankhanza amalusa koposa, chifukwa amaona kuti chimene ankachilamulira chikumupulumuka.

Pali njira zinanso ziwiri zopezera ndalama kwa iye yemweyo. Pa mlandu umene uli kukhotiwu, gawo 32 la Penal Code limalola khoti kulamula munthu wopezeka wolakwa kuti apereke chipukuta misozi kwa amene anamuvulaza. Uzani woimira boma kuti mukufuna adzapemphe zimenezi, musadikire kuti akumbukira yekha, ali ndi mafayilo ambirimbiri. Kenako pali chisamaliro cha ana. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limati bambo asamale ana ake kaya banja lilipo kaya latha. Ngati ali pantchito yolipidwa pamwezi, mufunse ngati khoti lingalamule kuti ndalamayo izidulidwiratu kumalipiro ake. Loya simukusowa kumulipira: a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Blantyre momwemo ndipo ntchito yawo ndi kuimira anthu amene sangakwanitse kulipira loya. A WOLREC ndi a Women Lawyers Association nawonso amathandiza amayi pa nkhani zotere.

Ndikudziwa chimene mukunena mumtima: zonsezi n'zabwino, koma chigamulo cha khoti sichidyedwa lero. N'zoona. Milandu imachedwa, ndipo amuna ena akalamulidwa kulipira amazemba mpaka mutabwereranso kukhoti kukawanenera. Choncho masabata oyambawa muwoloka ndi thandizo la apa ndi apo.

Yambirani ku Victim Support Unit ya kupolisi yanu. Mukanene mosapita m'mbali kuti simungagonenso m'nyumbamo. Ma unit ena ali ndi chipinda chogonekamo munthu usiku umodzi kapena uwiri, ndipo amadziwa mabungwe amene amasunga amayi othawa nkhanza. Malo oterowo ndi ochepa ndipo amadzaza, koma munthu wobwera ndi kalata ya apolisi kapena ya ofesi ya Social Welfare amamvedwa msanga kusiyana ndi wongogogoda yekha. Pa chipatala cha Queen Elizabeth pali malo a Chikwanekwane, pamene achipatala, apolisi, a Social Welfare ndi opereka uphungu amapezeka pamodzi. Anawonso akufunika wolankhula nawo, poti anaona zonse. Nambala ya 5600 ndi yaulere, ya nkhani za nkhanza, ndipo ya ana ndi 116. Mwana wanu wamkulu aziloweze zonse ziwiri.

Ngati muli mu banki mkhonde, kumbukirani kathumba kamene mumasonkha sabata ndi sabata ka mavuto ogwa mwadzidzidzi. Vuto lake ndi limeneli, musachite manyazi. Chimodzimodzi kumpingo kapena kumzikiti: pitani kwa amayi a chigwirizano, koma musakangoti "mundipempherere". Mukanene kuti mukufuna ndalama yakutiyakuti ya lendi ya chipinda chimodzi, pofika tsiku lakutilakuti. Anthu amasonkha msanga akadziwa pamene chosowacho chathera. Eni nyumba nawonso ndi anthu. Ena amalola mwezi umodzi akaona mkulu wa mpingo akukuimirani. Kwa akatapila kokha musapiteko, ndi mkono umodzi simungathamange ndi chiwongola dzanja chawo.

Kumudzi ku Chiradzulu ndi pafupi, ndipo kwa masiku ochepa kungakusungeni, koma njira ya kumeneko bamboyo akuidziwa. Mukapita, atsibweni anu ndi amfumu adziwe tsiku lomwelo chimene mwathawa, muwaonetse ndi chikalata cha khoti. Ndikumbutsenso kuti ngati munakwatirana mwa chikamwini, mwambo umati mwamuna amangire mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhoti athu amalamula zimenezi banja likamatha. Ngati sanamange, ndi ngongole imene ikumudikira. Za wa Sitandade 8 uja, kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu musanamusunthe, chifukwa mayeso a MANEB amalembera pamene analembetsa. Mwina ndi bwino akhale kaye kwa m'bale wodalirika kufupi ndi sukuluyo. Aphunzitsi auzidwenso kuti asapereke mwana kwa wina aliyense kupatula inu.

Posamuka, zoyamba kutuluka m'nyumba zikhale mapepala: chiphaso chanu cha unzika, mabuku a kuchipatala anu ndi a ana, lipoti la dokotala, makalata a sukulu, kope la banki mkhonde. Mukasungitse kwa munthu wina lero. Sinthani nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, poti amuna ambiri amaidziwa. Katundu mukatenge masana, ndipo mupemphe a Victim Support akuperekezeni. Kumene mwalowera adziwe anthu awiri kapena atatu basi, kuphatikizapo woimira boma uja kuti masamoni azikupezani, chifukwa mboni ikasowa mlandu umafa wokha. Pa Facebook ndi pa WhatsApp musaikepo chithunzi cha pakhomo patsopano, ndipo ana muwalangize kuti ngakhale azakhali awo a kuchimuna akafunsa asanene. Musaope kuti mukatuluka ndiye kuti mwataya katundu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limati banja likatha mkazi alandire gawo loyenera la chuma chimene anapeza limodzi ndi mwamuna, ndipo kuthawa chitsulo sikufafaniza zimenezo.

Ankhoswe anu ndiwalemekeza, koma apa alakwitsa. Kupirira kumene makolo ankanena ndi kwa njala, matenda ndi kusowa, osati kwa mafupa othyoka. Ngati akufunadi kugwira ntchito yawo ya unkhoswe, akauze abale a bamboyo kuti K200,000 ija aipereke kudzera kukhoti ngati chiyambi chobwezera mpamba wanu, popanda kukulamulani kutseka chilichonse. Mudzaona nokha ngati ndalamayo inali yachifundo.

Zoti banja lipitirire kapena lithe mudzaganiza nokha mkono ukapola, muli pamalo pamene mukugona tulo. Usiku wa lero musagone m'nyumbamo, ndipo mawa m'mawa mulawirire kupolisi ndi kukhoti. Mukatenga chikalatacho mundilemberenso, ndimve kuti inu ndi ana muli bwanji.

Azakhali