MMENE MAPU AMASONYEZERA MAPIRI NDI ZIGWA

Pepala la mapu ndi lathyathyathya ngati mphasa, koma dziko silili choncho. Lili ndi mapiri, zitunda, zigwa ndi madambo. Nanga ojambula mapu amasonyeza bwanji kuti apa mpokwera, apo mpotsika?

Choyamba, iwo amayeza kukwera kwa malo kuyambira pamwamba pa madzi a m'nyanja zamchere. Malo otsika koposa m'Malaŵi ali ku Nsanje, kumene mtsinje wa Shire umaloŵera m'dziko la Mozambique. Maloŵa ali pa mamita 37 okha. Nyanja ya Malaŵi ili pa mamita pafupifupi 470, pamene nsonga ya Sapitwa, pa phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002.

Atayeza, amasonyeza kukweraku m'njira zitatu. Njira yoyamba ndiyo ya mitundu. Kaŵirikaŵiri malo otsika amapakidwa mtundu wobiriŵira, okwererapo wachikasu, ndipo mapiri wofiirira. Njira yachiŵiri ndiyo kuika kadontho pansonga ya phiri ndi kulemba nambala ya mamita pambali pake. Njira yachitatu, imene imasonyezanso maonekedwe a malo, ndiyo ya mizere yotchedwa makontuwa.

Kontuwa ndi mzere wolumikiza malo onse okwera mofanana. Chulu chingathandize kumvetsa zimenezi. Mwana atazunguliza chingwe patsinde pa chulu, china pakati, china pafupi ndi nsonga, kenaka nakwera mumtengo ndi kuyang'ana pansi, angaone zingwezo ngati mikombero itatu, waung'ono uli m'kati mwa waukulu. Phiri limaoneka chomwecho pa mapu. Mkombero wam'kati ndiwo nsonga.

Mizere imeneyi ili ndi malamulo ake. Siidutsana, chifukwa malo amodzi sangakhale okwera mosiyana nthaŵi imodzi. Ikathithikana, ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri, monga m'mbali mwa phiri la Mulanje. Ikatalikirana, malowo ndi oyalana, monga m'chigwa cha Shire. Podutsa mtsinje, mizereyi imapindika ngati chilembo cha V, ndipo nsonga ya chilembocho imaloza kumtunda kumene madzi akuchokera.

Kudziŵa zimenezi kumapulumutsa moyo, pakuti madzi nthaŵi zonse amatsata kotsika. M'mwezi wa Malichi 1991 kunagwa mvula yamphamvu ku Phalombe. Madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kukokolola midzi, ndipo anthu ambiri anafa. M'chaka cha 2023, pa nthaŵi ya namondwe wa Freddy, zoterezi zinachitikanso m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre. Munthu wodziŵa kuŵerenga mapu akaona mizere yothithikana kumtunda kwa mudzi, ndi khwaŵa loloza kumudziko, amazindikira kuti pamenepo sipoyenera kumangapo nyumba.

Omanga misewu nawonso amayamba ayang'ana mizereyi kuti apeze pokhotetsa msewu, galimoto zisavutike pokwera. Ndi chifukwa chake msewu wokwera phiri la Zomba uli wokhotakhota. Mlimi wa pamalo otsetsereka amagwiritsa ntchito nzeru yomweyo. Iye amaunda akalozera opingasa chitunda, otsata malo okwera mofanana, kuti madzi aime ndi kuloŵa pansi m'malo mokokolola nthaka.

Motero mizere yokhotakhota ya pa mapu siyongokongoletsa pepala ayi. Imauza woŵerenga pokwera, potsika, ndi kumene madzi adzadzere mvula ikagwa.

MAFUNSO

1. Kodi kukwera kwa malo kumayezedwa kuyambira pati?
2. Tchulani njira zitatu zosonyezera kukwera kwa malo pa mapu.
3. Kodi nsonga ya Sapitwa imaposa malo otsika a ku Nsanje ndi mamita angati?
4. Kodi mizere yothithikana imatanthauzanji?
5. Fotokozani kufanana kwa akalozera ndi makontuwa.

ZOCHITA

Umbani kaphiri kadothi, mbali imodzi yotsetsereka kwambiri. Kaduleni ndi ulusi mopingasa m'zigawo zinayi zochindikala mofanana. Ikani chigawo chilichonse papepala limodzi, kuyambira chachikulu, ndi kulemba mzere mozungulira. Onani mbali imene mizere yathithikana.